Lughano, Wogwira Zitseko pa Uliwa

Ndikamanena kuti ntchito ya a Lughano inali yogwira zitseko, anthu amaganiza kuti anali mlonda. Ayi ndithu. Zitseko zake zinali za galimoto, ndipo ankazigwira ndi manja awiri, kuzinyamula m'malere pamene munthu wina akuzipopera penti.

Ine ndine Lettie, ndimagulitsa mpunga wa kilombero m'mphepete mwa msewu pa Uliwa, moyang'anizana ndi galaja ya Che Yasini. Galajayo ndikungoitchula mwaulemu. Ndi mtengo wa mango, kashedi ka malata, ndi kompulesa yolira ngati ng'ombe yolandidwa mwana. Che Yasini anachokera ku Mangochi kalekale. Chitumbuka chinawakana, Chinkhonde ndiye osayamba n'komwe, choncho pagalajapo timayankhula Chichewa, aliyense ndi lilime lakwawo.

A Lughano anabwera kuno kuchokera ku Kaporo chaka china madzi osefukira atawakokolera nyumba ndi mpunga womwe. Tsiku limene anafika kudzapempha ganyu, anapeza Che Yasini akutukwana mphepo. Anali atatsamiritsa chitseko cha minibasi pamtengo wa mango, mphepo n'kuchigwetsera pamchenga penti isanaume.

"Tagwirani apa kaye, bambo," anatero Che Yasini osawayang'ana n'komwe kumaso.

A Lughano anagwira. Ndipo anagwirabe mpaka mwana wawo Towera, yemwe panthawiyo anali kumsana, analemba mayeso a Fomu 4.

Musaone ngati ndi ntchito yachibwana. Chitseko chimene akupopera chikagwedezeka pang'ono, penti imayenderera ngati misozi, mwini galimoto n'kukana. A Lughano sankagwedezeka. Ntchentche inkatha kutera pamphuno pawo, kuyendayenda, kupumula, n'kunyamuka yokha itatopa. Che Yasini akaimba mluzu, iwo ankatembenuza chitsekocho pang'onopang'ono. Lole yochokera ku Songwe ikamadutsa, ankatembenuka n'kutchinga fumbi ndi msana wawo. Chizolowezi chimenechi chinawalowa m'mafupa. Kutchalitchi kwaya yonse imavina, iwo ali chilili ngati mzati. Pazithunzi za ukwati wa mphwanga, munthu yekhayo amene anatuluka bwinobwino ndi iwowo, chonsecho sanaitanidwe kuti ajambulitse nawo.

Pamphuno ankamangapo kansalu ka chitenje chakale. Ntchito ikatha, Che Yasini ankawagulira kapu ya mkaka, ati mkaka umatsuka penti m'chifuwa. Tonse tinkakhulupirira zimenezo, ngakhale ine. Akazi awo, a Tusekile, omwe ndi anzanga a kumpingo, ankatiseketsa kuti iwo safunsa amuna awo kuti kuntchito kunali bwanji. Amangoyang'ana mpango wominira. Ukakhala wabuluu, ndiye kuti kunabwera galimoto yabuluu. Tinkaseka mpaka kugwira nthiti. A Lughano ankatsokomola, koma pa Uliwa ndani satsokomola ndi fumbi la m'chilimwe?

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina m'mawa dalaivala wina wa lole, dzina lake Gregory, anaima pagalajapo n'kutsitsa mtolo wa zitsulo womangidwa ndi mphira. Anati Che Yasini anamutuma ku Mbeya. Anthu a pa Uliwa safuna kuitanidwa, posakhalitsa tinali titazungulira. Wina anati ndi chopachikira mbuzi posenda. Wina anati ayi, iye anachionapo kuchipatala, amakolekapo madzi a diripi. Che Yasini ankangoyang'ana chithunzi pafoni, kuyang'ana zitsulo, n'kubwereranso pafoni. Poyamba anachimanga miyendo ili m'mwamba, timatayala take tikuzungulira m'malere. Anachimasula. Kachiwiri chinatsala chitsulo chimodzi chosadziwika kolowa, ndipo mpaka lero amatsekera nacho chitseko cha shedi.

Nthawi yonseyi, wogwira zitsulozo kuti Che Yasini amange mabawuti anali a Lughano. Ankagwira mosamala, mwachimwemwe, akufunsa ngati tonsefe kuti kodi chinthuchi n'chantchito yanji. Che Yasini ankangolimbitsa mabawuti, maso ali pazitsulo.

Chitatha, chinaima ndi miyendo inayi yowonda, mikono iwiri yopindika, ndi ngowe kumapeto kwake. Che Yasini anati dzina lake ndi sitandi. Anatenga chitseko cha pikapu, n'kuchikoleka pangowezo. Chitsekocho chinaima m'malere, chokha, popanda munthu.

A Lughano anachizungulira, manja ali m'mwamba, kufunafuna pogwira.

"Fundi, nanga ine ndigwire pati?" anafunsa Che Yasini, omwe ankawatchula kuti Fundi, kutanthauza mmisiri.

"Pumulani kaye," anatero Che Yasini, maso ali pansi.

Apa m'pamene mutu wa a Lughano unaima. Anawoloka msewu osayang'ana uku ndi uku, n'kudzakhala pathumba langa la mpunga, chinthu chimene sindilola munthu aliyense.

"Amama Lettie, chinthu chija chimadya vichi?"

"Sichidya, bambo."

"Nadi? Kumaliro sichipita?"

"Sichipita."

"Ndiye ine ndalakwa chiyani? Ine kumaliro ndimapita a pachibale okhaokha."

Ndinawamvera chisoni, komanso Che Yasini anandinyansa tsiku limenelo. Munthu wakugwirira zitseko moyo wake wonse, iwe n'kumugwiritsa ndi manja ake omwe chitsulo chodzamulanda ntchito! Munda a Lughano analibe, luso lina analibe. Akachoka pagalajapo, akanalowera kuti?

Koma amene anapanga sitandiyo sankaudziwa mchenga wa pa Uliwa. Timatayala tija anatipangira pasimenti posalala. Che Yasini atangoyamba kupopera, mwendo umodzi unayamba kutitimira. Kenaka lole inadutsa, mphepo yake n'kukankha chitseko. Chinthu chonse chinapendekeka pang'onopang'ono ngati munthu woledzera amene akufuna kukunong'oneza. Sindinaonepo a Lughano akuthamanga, koma tsiku limenelo anauluka. Anafika n'kugwada pansi, kukumbatira miyendo ya sitandiyo chitseko chisanakhudze mchenga.

"Gwirani pomwepo kaye!" anakuwa Che Yasini.

Basi, zinthu zinakhala choncho. Sitandi inkagwira chitseko, a Lughano ankagwira sitandi. Madalaivala ankaima dala kuti aone. Wina anafunsa ngati Che Yasini aitanitsenso chitsulo china chogwira a Lughano. Mwini wake analibe nazo ntchito, nkhope inali itawala. Anandiuza monyadira kuti chinthu cha ku Mbeya chija popanda iwo n'chabechabe. Koma ine ndili tsidya lino ndinkaona kuti tsopano akugwira chonjuta pansi, ndipo nkhungu yonse ya penti ikutsikira pamutu pawo. Madzulo ankaweruka tsitsi lili loyera kapena lobiriwira, akutsokomola mpaka kugwira mtengo.

A Tusekile sankabwerabwera pagalaja. Tsiku limene anabwera ndi chakudya cha masana, anapeza amuna awo ali pansi pa sitandi, mu utsi wa penti. Kontena inagwa m'manja, nyemba mbwee pamchenga.

"Che Yasini! Izi ndi zimene tinagwirizana?"

Kompulesa inazimitsidwa. A Lughano anasuzumira pakati pa miyendo ya sitandi, osaisiya.

"Amake Towera, munagwirizana chiyani?"

"Ndine ndinawapempha kuti agule chinthuchi."

"Imwe? Kuti andichotse ntchito?"

"Kuti musafe, abambo ake Towera!"

A Tusekile anafotokoza pomwepo, pamaso pa anthu, misozi ikutsika. Mlungu wina pochapa anapeza mpango uja uli wofiira. Anaseka okha, n'kunena kuti lero kunali galimoto yofiira. Mawa lake wofiiranso. Podutsa pagalajapo anayang'ana, galimoto zonse zinali zoyera. Anafunsa Che Yasini kuti penti yofiira anapopera liti, iwo n'kuyankha kuti yofiira inatha kalekale. Ndiye anatulutsa mpangowo n'kuwaonetsa. A Tusekile anali atawauza amuna awo kangapo kuti apite kuchipatala, koma yankho linali lomwelomwelo, loti nanga zitseko agwira ndani.

A Lughano anayang'ana akazi awo, n'kuyang'ana bwana wawo.

"Koma mkaka ndimamwa," anatero motsitsa mawu. "Fundi, simunanene kuti mkaka umatsuka? Nanga mkaka wonse uja unapita kuti?"

Che Yasini anavula chipewa chawo, kuchipinda, kuchivalanso. Anati nawonso anauzidwa choncho ndi amene anawaphunzitsa ntchito ku Mangochi. Anati iwo safuna munthu adzafere pansi pa mango wawo. Ndinaona kuti nawonso agwira njakata, mkwiyo wanga uja unasowa kolowera.

Kuchipatala anawapima, kuwapatsa mankhwala, n'kuwauza mosapsatira kuti akabwereranso mu utsi wa penti, asadzavutike n'kubweranso. Achimwene awo a a Tusekile anawapatsa kachigawo ka munda wa mpunga ku Wovwe. Zonse zinakonzedwa a Lughano ali pompo, akungotembenuza mutu uku ndi uku ngati nkhani ndi ya munthu wina.

Chinatsala n'chimodzi. Che Yasini anagula simenti, anachotsa timatayala tija, n'kukumba maenje anayi oti miyendo ya sitandi ilowemo. Koma simenti ikakhala yaiwisi, chitsulo chimapendekeka. Pankafunika munthu woti achigwire chiime mowongoka mpaka simenti igwire. Anayesa Gregory, yemwe anali ataima kudzamwa tiyi, koma anayamba kukanda mwendo. Anayesa wogulitsa tchipisi, foni yake inalira. Che Yasini anayang'ana a Lughano, omwe anali atabwera kudzatenga ovolosi yawo. Anawayandikira pang'onopang'ono.

"Bambo Lughano... tagwirani apa kaye."

Anagwira. Anaima padzuwa kuyambira m'mawa mpaka mthunzi wa mango unawapeza, osagwedezeka, ntchentche zikuchita zawo. Palibe anaseka. Che Yasini atadina simenti ndi chala n'kunena kuti yagwira, a Lughano anachotsa dzanja limodzi, kudikira, n'kuchotsa linalo. Sitandi inaima yokha, yowongoka bwino. Imaima choncho mpaka lero.

Tsopano amalima ku Wovwe. Chifuwa chinachepa, thupi linabwerera pang'ono. A Tusekile amati poopseza mbalame m'munda ndiye mbola, chifukwa amaima osagwedezeka mpaka mpheta zimadya mpunga pafupi ndi mapazi awo.

Mwezi watha anandibweretsera mpunga woti ndigulitse. Anaima pambali panga, kathumba kali m'manja, maso ali tsidya la msewu. Pasitandi panali boneti ya minibasi, ndipo Che Yasini, omwe masiku ano amavala chotchinga pamphuno chenicheni, ankasakaniza penti.

"Amama Lettie," anatero a Lughano, "imwe mumaona vyose pano. Kodi ine anandichotsa ntchito, kapena anandipulumutsa?"

Ndisanayankhe, kompulesa inalira tsidya lija. Kathumba kanagwa, mpunga n'kumwazika pansi. Nditacheuka ndinaona manja a a Lughano ali m'mwamba, otambasuka bwino, atagwira chitseko chimene panalibe.

"Tsitsani manja, bambo, anthu akuona," ndinawanong'oneza.

Anawatsitsa pang'onopang'ono. Anawayang'ana, kuwapisa m'matumba, kuwatulutsanso, osadziwa poti awaike.