Tambala Wakuda wa Mayi NyaLongwe

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene boma linasamutsa bambo anga kuchoka ku Dedza kukagwira ntchito pachipatala cha ku Chintheche. Chitonga sindinkachimva, kutentha kunkandisowetsa mtendere, ndipo kondowole ankangondikakamira kukhosi. Pakanapanda Mayi NyaLongwe, bwenzi ndikulira tsiku ndi tsiku.

Mayiwa ankakhala okha m'kanyumba kaudzu cha ku Bandawe. Ntchito yawo inali yosoka, koma chimene chinkandikokera pakhonde pawo ndi makhadi a mafuno abwino amene ankapanga. Ankadula makatoni a sopo n'kumatapo pepala loyera. Zidindo ankasema okha ndi lezala: maluwa pa chinangwa chachiwisi, nsomba ndi mbalame pa mphira wa patapata zakutha. Inki yawo inali mwaye wa nyali wosakaniza ndi mafuta a nsatsi, kuti ikauma madzi asaisungunule. Utoto nawo sankagula ayi. Wofiira unkachokera ku chidede, wobiriwira ku masamba a chinangwa osinja, wamtambo ku bulu wochapira zovala. Chopakira chinali nthenga ya nkhuku basi.

Koma manja amenewo, abale! Akadinda nsomba, ankaisiya iume pamthunzi, kenako n'kuyamba ndi utoto wamadzimadzi, wongooneka pang'ono. Ukauma ankabwerezanso kumimba kokha, pamsana n'kusiyapo kamzere koyera. Nsomba ija inkaoneka yonyowa ngati yangotuluka kumene mu ukonde. Ine ndi phuma langa ndinkangothimbiriza, ndipo tsiku lina nditadonthetsera utoto pakati pa khadi ndinafuna kuling'amba.

"Iwe NyaPhiri, khadi silitayidwa," anatero akundigwira dzanja. Ankanditchula choncho mwa Chitonga, ngati ndine mayi wamkulu. "Dontho likagwa, usalipukute. Uliyang'ane kaye."

Anatenga nthenga, n'kulizunguliza dontho lija, kulipatsa kaphesi ndi tsamba. Linasanduka bango lakupsa, ine kukamwa kuli yasa.

Mvula itayamba chaka chimenecho, a tcheyamani a chipani a m'dera lathu anabwera kudzaitanitsa khadi lalikulu loti akapereke kwa bwana wina amene ankabwera kudzachititsa msonkhano. Anafuna tambala wakuda, chizindikiro cha chipani. Masiku amenewo tambala ameneyu sanali woseweretsa. Mayi NyaLongwe anasema chidindo chatsopano, ndipo ponyadira wophunzira wawo anawauza a tcheyamani kuti kanyama kofiira ka pamutu pa tambalayo adzapaka ndi mwana wa a Phiri a kuchipatala. Ndinayenda mapewa ali m'mwamba sabata yonse.

Tsiku lodzatenga khadi, ndinapaka bwinobwino, mpweya nditaugwira. Tinaliimika patebulo m'nyumba kuti liume chifukwa kunja kunali mvula, ife n'kukhala pakhonde. Sitinadziwe kuti denga layamba kudontha pamenepo. Mvula itakata ndinalowa kukaliona. Madzi anali atagwera pamutu penipeni pa tambala. Utoto wofiira unali utatsetsereka m'mbali mwa khosi, n'kudonthera m'munsi, papepala loyera. Aliyense akanaona tambala wa chipani atamudula pakhosi.

Ndinali mwana, koma ndinkadziwa kuti anthu ankatengedwa pa zinthu zochepa kuposa zimenezi. Dzina la bambo anga linali litatchulidwa kale. Ndipo nditasuzumira pazenera, ndinaona a tcheyamani ndi anyamata awo awiri akulumpha zithaphwi, akubwera.

"Tilibise! Tilitenthe!" ndinatero ndikulira.

"Akapeza palibe khadi, afunsa chifukwa," anayankha Mayi NyaLongwe. "Pukuta misozi. Kawalandire, uwapatse mipando pakhonde. Uwauze kuti ndikumalizitsa."

Ndinawalandira, ndinagwada, ndinawapatsa moni, kenako n'kuima pakhomo, diso limodzi kwa alendo lina m'nyumba. Mayi aja anagoneka khadi patebulo. Anaviika nthenga m'madzi oyera n'kunyowetsa pepala mozungulira tambala, osafulumira, ngati akusisita mwana. Kenako anatenga chidede n'kukoka mzere wokhota kuchokera kumchira, kudutsa pamwamba pa mutu, kutsikira kutsogolo kwa mlomo. Anadzaza mkati monse. Magazi aja analowerera m'kufiirako, osaonekanso, pamene tambala anangokhala bii, chifukwa inki yamafuta ija siinkamva madzi. Pomaliza anajambula timizere totuluka m'mphepete. Kumbuyo kwa tambala kunali kutatuluka dzuwa, lofiira ngati la pambendera.

A tcheyamani ataliona anaimirira. "Eee, mayi! Mpaka dzuwa? Zimenezi sindinakuuzeni, koma mwaganiza ngati munthu wokonda dziko lake!"

"Yewo, bambo," anatero mayi aja. "Muligwire m'mbali, silinaume."

Alendo atazimiririka kuseri kwa minda ya chinangwa, Mayi NyaLongwe anakhala pansi penipeni, n'kundipempha madzi akumwa. Dzanja lomwe lija limene linakoka dzuwa popanda kukhota linalephera kugwira kapu. Inkagunda mano awo, madzi n'kumatayikira pachitenje. Ndinachita kuwamwetsa ndine.

Patapita zaka zambiri, mayi anga anandiuza chifukwa chake mayiwa ankakhala okha. Amuna awo anatengedwa kalekale atakulunga usipa m'nyuzipepala imene inali ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, chosayenera kukulungira nsomba, ndipo sanabwererenso.

Mpaka lero ndimapanga makhadi ndi adzukulu anga, ngakhale utoto wake ndi wogula. Ndili mwana ndinkaganiza kuti Mayi NyaLongwe analibe mantha. Tsopano ndikudziwa kuti anali nawo ochuluka kuposa anga, chifukwa iwo ankadziwa kumene anthu otengedwa ankapita. Anangowauza manthawo kuti adikire kaye, mpaka mwana wa eni atapulumuka.