Lumbiro la alamu anga a Pius

Alamu anga a Pius ndi mkamwini m'mudzi mwathu muno ku Kapondo, koma mukawafunsa ndi dzina limenelo pamsika anthu angoyang'anana. Nenani kuti mukufuna Anjerwa, ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani njira. Dzinali analitengera ku Njerwa United, timu ya mpira ya ku Lilongwe imene ankaiimbira ng'oma kuyambira ali mnyamata.

Timuyo inayambitsidwa ndi antchito a pafakitale ina youmba njerwa, kumene alamuwo ankaotcha uvuni. Mpira sankautha n'komwe, akati amenye ankangogumula fumbi. Koma muwapatse ng'oma, bwalo lonse linkaimirira. Mbiri ya timuyo amaidziwa kuposa mayina a adzukulu awo: mmene inakwerera mu ligi yaikulu, chaka chimene inathera pa nambala yachiwiri, ndi tsiku limene inatenga chikho mvula ikugwa. Nkhani ya chikhoyo taimva mpaka kutopa nayo. Amaikamba kudimba, kuchigayo, ngakhale pamaliro.

Achemwali anga a Stelia anakumana nawo kutchalitchi, nthawi imene ankakhala kwa amalume mumzindamo. Iwo ankaimba kwaya, a Pius ankaimba ng'oma pa Misa mmawa, masana n'kuthamangira nayo kubwalo. Achemwali ankakonda kuwaseka kuti nkhope yokha sakanailola, anakwatiwa ndi manja.

Kenako fakitale inatsekedwa. Osewera abwino anathawira ku matimu ena, ndipo chaka chomwecho Njerwa inatuluka mu ligi. Tsiku la masewero omaliza alamu anga anaimirira pamaso pa ochemerera anzawo, misozi ili chuchuchu, n'kulumbira kuti manja awo sadzamenyanso ng'oma ina iliyonse mpaka timu itabwerera pamalo pake. Ankaganiza kuti ndi nkhani ya chaka chimodzi.

Ntchito itatha anabwera kuno kudzalima fodya ndi mtedza. Ng'oma anaipachika kudenga. Nthawi ndi nthawi ankaitsitsa, kuipukuta, kuiyanika padzuwa, koma ankaigwira m'mbali mokha ngati mbale yotentha. Akwaya a kuno anawapempha kangapo, anakana. Paukwati wa mwana wawo Thandiwe anakananso, tinachita kubwereka munthu wa mudzi wina. Ine ndinkawaputa kuti alamu, timu yanuyo ikudziwa n'komwe kuti muli moyo? Ankangoseka n'kunena kuti chaka chino ndiye tikwera.

Zaka zinapita motero. Chaka china anatsala pang'ono kukwera koma anapereweredwa zigoli, china timu inatsala pang'ono kutheratu chifukwa chosowa wothandiza. Masewero a ligi yaing'ono saulutsa pawailesi, choncho Loweruka lililonse madzulo alamu ankakwera pachulu pomwe foni imagwira bwino, kuimbira mnzawo wa ku Lilongwe. Tikawaona akutsika mwakachetechete, tinkadziwa kuti tisawalankhule.

Chaka chatha zinthu ziwiri zinabwera pamodzi. Njerwa inayamba kupambana sabata ndi sabata, ndipo achemwali anayamba kudwala m'mimba. Tinayenda nawo kuchipatala cha paboma, kenako ku Lilongwe, mpaka madokotala anatiuza kuti tingopita nawo kunyumba. Aliyense anamva tanthauzo lake. Alamu anawasamalira, zimenezo sindingawanamizire. Ankawasambitsa okha, kuwaphikira phala, kuwanyamula kupita nawo padzuwa.

Lamulungu lina masana akwaya anabwera kudzazonda. Anakhala pakhonde n'kuyamba kuimba, koma analibe ng'oma, ankangowomba m'manja. Achemwali ali gone pamphasa anatembenuza mutu.

"Bambo a Thandiwe, tsitsani ng'oma ija. Nyimbo imodzi yokha."

Alamu anayang'ana kudenga, n'kuyang'ana manja awo.

"Mayi a Thandiwe, kwatsala pang'ono. Ndikaigwira lero, anyamata n'kukagonja Loweruka, ndidzawauza chiyani anzanga? Pirirani, mwezi wamawa ndidzakuimbirani mpaka mudzachite kundiletsa nokha."

Achemwali anamwetulira n'kunena kuti chabwino, adikira.

Ine mtima unandiwawa. Akwaya atapita ndinawakokera alamu kuseri kwa nkhokwe n'kuwalalatira, ulemu wonse ndinauika pambali. Ndinawafunsa ngati anyamata a ku Lilongwe, oti sanawaonepo ndi maso, aposa mkazi amene wawaphikira moyo wake wonse. Sanakwiye. Anati ine sindikumvetsa, anati Mulungu sangawatenge achemwali pamene chinthu chimene onse awiri achidikira zaka zonsezi chafika pakhomo. Ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo n'chimene chinandipweteka koposa.

Achemwali anatisiya mwezi usanathe. Pamaliro ng'oma anaimba a Davie a kumphakati wathu wa kutchalitchi, munthu wabwino koma wa manja olemera. Alamu anakhala pansi pa mtengo wa mango, manja atawapanikiza pakati pa mawondo. Ndinawaona zala zikugwedezeka zokha motsata nyimbo, iwo n'kumazifinya kuti zileke.

Patangopita masabata ochepa Njerwa inapambana masewero omaliza n'kubwerera mu ligi yaikulu. Loweruka limenelo alamu sanakwere pachulu. Nkhani inabwera ndi amuna a kumsika, amene anafika panjinga akuliza mabelu, akufuula kuti Anjerwa atuluke, lumbiro latha. Ine ndinali pabwalo ndikusenda mtedza, mawu owabaya nawo alamu ndinali nditawakonza kale pakamwa.

Alamu analowa m'nyumba, natuluka ndi ng'oma ija. Anthu anakuwa ndi chimwemwe n'kupanga bwalo. Alamu anakhala pampando, anaiika pakati pa miyendo, nakweza dzanja. Dzanjalo linakhala m'mwamba nthawi yaitali, kenako linatsika pang'onopang'ono n'kukagwera pabondo.

"Imbani, Anjerwa, takwera," anatero wina.

"Ndamva," anayankha alamu. "Koma amene anati andidikira uja, mwabwera naye?"

Amuna aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, njinga akuchita kukankha. Mawu anga aja sindinawanene. Ndinasiya lichero pansi, ndinakakhala pafupi ndi alamu anga, ndipo tinalira.