Mbale ya Mchere Kunsi kwa Bedi

Ndikakumbukira chisanu cha chaka chimenecho, ndimaona nsapato. Mulu wa nsapato zonyowa pakhomo la fulati yathu ku Hamilton, m'dziko la Canada, zitachita mizere yoyera ya mchere wothira mumsewu kuti madzi oundana asungunuke, fungo lake litasakanikirana ndi la majasi ndi tiyi wamkaka. Munali m'zaka za m'ma 1990, sabata imene bambo anga anagwa kuntchito, kufakitale ya zitsulo, mtima n'kuimiratu. Ndinali mtsikana wa kupulayimale, ndipo sindinalire. Ndinkangolandira majasi a anthu odzakhuza maliro n'kumakaunjika pabedi, ngati ndalembedwa ganyu.

Bambo anali munthu wa mamota, makina ozungulira ndi magetsi aja. Ankati onsewo, kuyambira wa chigayo cha kwawo ku Dedza mpaka wokoka chikepe m'nyumba yathu, ndi zidzukulu za kawaya kamodzi. Kalekale ku Ulaya, ankatero, munthu wina analendewetsa waya m'mbale ya mekyule, chitsulo chamadzimadzi, pakati n'kuimika maginito; atalumikiza magetsi, wayayo anayamba kuzungulira yekha. M'chisanu chimenecho tinkapanga kamota kathu koti ndikaonetse kusukulu. Mekyule ndi poizoni, choncho ife tinathira madzi a mchere, maginito n'kumata ndi phula la kandulo. Koma waya wathu ankangonjenjemera, osayenda. "Mchere wachepa," ankatero bambo. "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Mbaleyo tinkaibisa kunsi kwa bedi lawo kuopa mlongo wanga wamng'ono, yemwe ankamwa chilichonse chimene wapeza.

Maliro tinakhuza mwa kwathu. Mipando inapanikizidwa kukhonde, amayi anayala zitenje pansi n'kuzungulira mayi anga, abambo ali chiimire m'kanjira. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, anabwera kuchokera ku Mississauga n'kuyamba kulongosola zovala za malemu kuchipinda. Anachedwako ndithu. Potuluka anali atanyamula mbale ija ndi nsonga za zala, madzi ali mbuu, mchere utakhazikika pansi, waya ali lende.

"Ichi chikutani kunsi kwa bedi la mlongo wanga? Mchere wonsewu anathira ndani?"

Mayi, maso ali pansi, anati, "Ndine."

Nyimbo inadukira pakati. Ine wokulira kunja sindinkadziwa kuti kwathu mchere si wamasewera, kuti akulu amati mkazi akhoza kudula nawo moyo wa mwamuna wake. Ndinangoona amayi amene anakhala moyandikana ndi mayi anga akudzikhwekhwereza pang'onopang'ono, mpata n'kutseguka. Ndinayamba kufotokoza m'Chingerezi, poti Chichewa changa chinali cha "zikomo" ndi "ndakhuta" basi, koma azakhali anandidula: "Iwe, akulu akamalankhula mwana saikapo mlomo!" Ndiye ndinakatenga batire lalikulu la tochi, ndinagwada pakati pa zitenje zija n'kulumikiza mmene bambo anandiphunzitsira. M'madzi munatuluka tithovu. Waya ananjenjemera, kenako anasuntha, n'kuyamba kuzungulira maginito aja mwaulesi, osaima. Kanali koyamba. Ndinayang'ana, ndikudikira chimwemwe kapena misozi, koma mumtima munali zii.

Mayi wina wa ku Chipata anaomba m'manja: "Ambuye! Si za kusukulu izi?" Apo mpamene mayi anga anafotokoza, ndi mawu ouma, kuti m'mawa wa tsiku limene anamwalira lija bambo akuvala jasi anawapempha kuti awonjezere mchere, adzayesenso ndi mwana madzulo. Mpata uja unatsekeka, nyimbo inayambanso. Azakhali anapepesa, ndipo ndikhulupirira anapepesa ndi mtima wonse. Koma pamene anachedwa kuchipinda paja anali pa telefoni, ndipo nkhani inali itafika kale ku Dedza. Mayi ataperekeza thupi kumudzi, apongozi awo sanakhudze chakudya chilichonse chimene mayi anagwirapo. Azakhali anaimbanso kukonza, koma madzi akatayika saoleka.

Mbale ija sindinapite nayo kusukulu, ndipo sindidziwa kumene inathera. Lero ndimadziwa bwino chimene chinayendetsa waya uja: mchere ndi umene unatsegulira magetsi njira m'madzimo. Mayi anachita zimene anapemphedwa, anazichita bwino, ndipo chomwecho ndicho chinawaipitsira dzina. Ndayesa kukwiyira azakhali, ndalephera. Nawonso anali ataferedwa, ndipo anaona zimene anaphunzitsidwa kuona. Chimene ndinaphunzirapo n'chochepa: umboni umakhutiritsa okhawo amene ali m'chipindamo.

Mayi atabwerako anapitiriza ntchito, kutilera, kutiphikira tsiku ndi tsiku. Koma kuyambira chisanu chimenecho mpaka tsiku lawo lomaliza, ndiwo zawo zinkafika patebulo zopanda mchere. Ankaika kabotolo pambali, kuti aliyense azithira yekha.