Ndinazula Malire ndi Manja Anga

Chaka chimene yunivesite inayamba kusefukira, ife a ku Lupaso tinadwala matenda a hositelo. Kaya ndi khola la nkhuku, kaya ndi kichini, munthu ankangopaka laimu n'kulemba pachitseko kuti malo a ophunzira alipo. Ine n'kuti nditangomaliza kumene maphunziro, digiri ili m'chikwama, ntchito kulibe, maso akungoona zolakwika paliponse. Cholakwika chachikulu ndinachipeza pakhomo pathu pomwe.

Malemu abambo anadzala nkhadze kutsogolo kwa nyumba, mzere wokhota kuchokera kumsewu mpaka kumbali ya aneba. Nkhadzezo zinakula mopanda ulemu. Zinapitirira denga, zinakolana ndi zitsamba zaminga, moti a kabaza ankadutsa osadziwa kuti kuseriko kuli nyumba. Pabwalo la mkati mwa mpandawo ndi pamene amayi ankaothera dzuwa, poti dzuwa la ku Mzuzu ndi mlendo, likabwera umalilandira. Chimene sindinkadziwa ine wophunzirane n'chakuti puloti yathu inalibe pepala kapena bikoni yosonyeza malire. Malire a bwalo la amayi anali nkhadzezo basi.

Amayi atapita ku Nkhata Bay kumaliro a achemwali awo, ndinati mpata ndi umenewu, akamabwera adzapeze pakhomo pa anthu otsogola. Ndinanola chikwanje.

Nkhadze si mtengo wocheza nawo. Tsiku loyamba lomwelo utomoni unandigwera m'diso, ndinavina gule wopanda ng'oma. Aneba athu, bambo aulemu wawo, ovala jekete ngakhale Loweruka, anathamanga ndi mkaka kuti ndisukusule.

"Yewo chomene, mwana wane, mwaganiza bwino," anatero. "Sukulu ndi yabwino. Koma musangodula pamwamba, izi zimaphukanso. Zulani ndi mizu yomwe."

Anandibwereka piki. M'mawa mwake anandibwereka wilibala. Tsiku lachitatu anavula jekete n'kuyamba kukumba nane, munthu amene chibadwire sindinamuonepo atagwira khasu. Zitsa anakataya okha kudambo, maenje anakwirira, n'kusalaza ndi reki mpaka pansi panangoti see. Mtima wanga unali mbee. Ndinkauza anzanga kuti amene amati m'tauni mulibe chikondi sanakhaleko ku Lupaso.

Lolemba lotsatira ndinadzuka n'kupeza amisiri akukoka chingwe pakati pa bwalo lathu, masitepe anayi kuchokera pakhonde. Anati aneba akumanga hositelo. Ndinawakalipira m'Chingerezi, iwo anapitiriza kukhoma zikhomo.

Tinaitana amfumu a dera lathu, munthu wofatsa amene ankagulitsa matabwa kumsika. Anabwera kukuwaza kamvula, atafunda ambulera.

"Malire ali pati?" anandifunsa.

"Panali nkhadze, amfumu."

"Zili kuti?"

"Ndinazula."

"Olo chitsa chimodzi?"

Ndinayang'ana pansi. Panali posalala ngati pamphasa. Aneba anati iwo akukumbukira bwinobwino kuti nkhadze zinali kufupi ndi khonde, ndipo angaiwale bwanji poti anakumba nawo. Anawonjezera kuti ine ndinali wosaona bwino sabata imeneyo chifukwa cha utomoni. Amfumu anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti mlandu umafuna mboni, ndipo mboni zanga zinapita kudambo pa wilibala.

Njerwa zinakwera msanga kuposa mmene ndinkaganizira. Amayi anatsika pakabaza khoma litafika kale pawindo. Anaima ndi thumba la ufa wa kondowole pamutu, anayang'ana khomalo, kenako manja anga a matuza. Ndinafotokoza zonse, mawu akutuluka mopunduka. Ndinkalakalaka atandilalatira, mwina ndikanapepukidwa.

"Abambo ako sankadziwa kulemba," anatero atatula thumba. "Ndiye anadzala."

Ndinachita manyazi tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sanandichoke.

Mwezi usanathe khomalo linatseka khonde lonse, mawindo a ophunzira anayang'anizana ndi chitseko chathu, wailesi zikulira usana wonse. Amayi anandituma kuti ndinyamule mpando wawo ndikauike kuseri kwa nyumba, pafupi ndi dzenje la zinyalala. Kumeneko ndi kumene anakhala zaka zonse zimene zinawatsalira, osatchulanso nkhaniyi ngakhale kamodzi. Mpandowo ndinkawatulutsira ndine m'mawa uliwonse, ndipo nthawi zonse ankandithokoza.