Laimu pa Mwala wa Ubatizo

Amayi anga sankatha kukhala pansi pamalo pamene aona litsiro. Anabwera ku Canada m'zaka za m'ma 1990 kudzandithandiza nditabereka mwana wanga woyamba, ndipo sabata isanathe anali atakwecha miphika yanga yonse, imene ine ndinkati ndi yoyera kale. Chilolezo chawo chokhalira m'dzikomo chinali chachifupi. Chimene anaumirira kuti achione asanabwerere chinali chimodzi: mdzukulu wawo akubatizidwa. Tinasankha Lamlungu lawo lomaliza, poti ndege yawo inali ya m'kati mwa sabata yotsatirayo. Tikanaphonya tsikulo, panalibenso lina.

Tinkapemphera m'katchalitchi ka miyala kumpoto kwa Markham, kumene maofesi ankathera n'kuyamba minda. Sikanali kathu. Eni ake, azungu achikulire, ankalowa m'mawa, ife Amalawi ndi anzathu a ku Zambia n'kulowa masana. Wansembe anali yemweyo, nyimbo zokha ndi zimene zinali zathu. Kiyi anapatsa ine, chifukwa ndinali namwino pa nyumba yosamalira okalamba kumene ena mwa iwo anali ndi abale awo. Kunena zoona ndinkayenda nayo monyadira kiyi imeneyo, ngakhale ndinkadziwa kuti ndife ongobwereka.

Amene anamanga tchalitchicho anachokera m'mudzi wina ku England, ndipo anatengera tchalitchi chakale cha kwawoko: nsanja yaifupi yonenepa, mawindo osongoka pamwamba, kakhonde pakhomo. Zonsezo zinali zongotengera. Chenicheni chochokera kwawoko chinali mwala wa ubatizo, umene unabwera pa sitima ya pamadzi. Unali pafupi ndi khomo, wosemedwa pa thanthwe limodzi, wokumbidwa pamwamba pothira madzi, wakuda ndi ukalamba, m'mbali mwake muli anthu osema atatsala pang'ono kufufutika.

Mbiri yake ndinaimva kwa mayi wina wokalamba wa mumpingo wa m'mawa. Anabadwira ku England, ndipo utsikana wake wonse anathera pa kukumba pansi pa matchalitchi akale n'kumawerenga makoma pofufuza mbiri yake. Sankaseka wamba. Tsiku limene ankandipatsa kiyi anandiimika pa mwalawo nthawi yaitali, njala ikundipweteka. Anandionetsa nkhope zimene anthu ena anaziswa dala ndi tchizulo pa nthawi imene ankakangana za zifanizo m'tchalitchi. Anandionetsa timaenje m'mphepete mwa kamwa la mwalawo, pamene pankalowa chitsulo chokhomera chivundikiro, kuopa kuti anthu angabe madzi odalitsidwa kukachitira zamatsenga. Apo ndinaseka, ndinati kani nawonso ankazidziwa zimenezi. Iye sanaseke. Anati mwalawo unatayidwapo kunja, n'kukhala momwera ng'ombe pa famu ina kwa mibadwo ingapo.

Pomaliza anayatsa tochi n'kuunika m'khwinya la chovala cha mmodzi wa anthu osemawo. Munali kadontho kofiira, kosaposa chikhadabo. Anati kale tchalitchi chonse cha kwawocho chinali cha mitundumitundu, makoma ndi denga lomwe, ndipo pa utoto wonsewo kotsala kanali kameneko. Kanapirira mvula ndi malilime a ng'ombe kwa zaka mazanamazana. Anandiuza kuti mwalawo usamakhudzidwe ndi china chilichonse kupatula madzi a ubatizo. Ndinavomera, maganizo ali pa chakudya.

Amayi atauona koyamba anagwira pakamwa. "Iwe, mdzukulu wanga akabatizidwire mu mtondo wandere umenewu? Azunguwa alibe manja?" Ndinawayankha kuti ndi wakale, eni ake amaukonda choncho. Anangoti hm. Aliyense woleredwa ndi amayi anga akudziwa kuti hm wawo sunali kuvomera.

Loweruka ubatizo usanachitike tinapita kukasesa, monga ankachitira aliyense amene ali ndi mwambo mawa lake. Chipale chofewa cha m'nyengo yozizira chinali chikusungunuka, panja pali matope okhaokha. Kuseri kwa nsanja amisiri ankakonza khoma, ndipo anasiya matumba awo pansi pa lona. Ndinawasiya amayi akukolopa, ine n'kutenga mwana kukagula maluwa ndi zakumwa. Ndinachedwa pamzere m'sitolo, kenaka mwana anafuna kuyamwa, ndinaimika galimoto m'mbali mwa msewu.

Nditangokankha chitseko ndinamva fungo limene ndinalidziwa kuyambira ndili ku pulayimale. Laimu. Mwala uja unali mbee, kuyambira kukamwa mpaka pansi, madontho ena akuyenderera pa simenti. Amayi anaima pambali pake, chidebe chili kumapazi, nkhope ikuwala.

"Taona tsopano," anatero. "Ndaupeza kuseriku laimuyu, wabwino zedi. Mawa eni ake akadzalowa adziwe kuti muno mumapempheranso anthu."

Ndinaika mwana pa benchi chifukwa ndinaopa kuti ndimugwetsa. Choyamba kubwera m'mutu chinali kutunga madzi n'kutsuka msanga wina asanaone. Ndinafika pogwira chidebe, koma ndinakumbukira tochi ija ndi kadontho kaja, ndinachisiya. Ndinatsikira m'chipinda cha pansi kumene kunali foni n'kuimbira wansembe.

Anabwera atavala malaya a kumunda. Anauzungulira mwalawo, kenaka anavula magalasi n'kupukuta nkhope. Ndinamufunsa za mawa. Anati sangandilonjeze kanthu. Mwalawo akuluakulu a mpingo anauika m'manja mwa mayi wokalamba uja wa ku England, ndipo ngati iye anganene kuti tchalitchi chitsekedwe mpaka abwere akatswiri, chitsekedwa. Anapita kukamuimbira. Amayi anandikodola.

"Kodi akudandaula chiyani bamboyu? Sanaukonde?"

"Amayi, khalani chete kaye, chonde."

"Ukundiletsa kulankhula ine?"

Tinadikira. Mwana anayamba kulira, ndinamunyamula n'kumayendayenda pakati pa mabenchi, khutu lili ku msewu. Galimoto iliyonse yodutsa inkandidula mtima.

Mayi uja analowa ndi ndodo yake ndi kachikwama. Sanapereke moni kwa aliyense. Anafika pa mwalawo, anagwada movutikira, wansembe atafuna kumugwira anamukankha dzanja. Anatulutsa tochi, thonje ndi kamtengo kosongoka, n'kuyamba kuchotsa laimu pang'onopang'ono pakhwinya paja. M'tchalitchimo munkangomveka kupuma kwake. Anachotsa, anaunika, anachotsanso. Kenaka, osatembenuka, anati ndiwafunse amayi chimene anachita asanapake.

Ndinawafunsa. Amayi anapisa m'thumba la epuloni n'kutulutsa waya wotsukira miphika, wotha mbali imodzi.

"Nanga ungapake pa litsiro? Ndayamba ndaukwecha wonse. Apo pamene akugwirapo panali kadontho kofiira kamakani, ngati magazi a nkhuku. Ndalimbana nako mpaka kachoka."

Mawu amenewo anayenera kudutsa pakamwa panga kuti akafike kwa mayiyo, ndipo ndinkadziwa kuti ubatizo wa mwana wanga uli pa iwo. Iye anatembenuka, anayang'ana wayayo, n'kundiyang'ana ine. Anati ndimuuze zonse monga zanenedwera, ndisasiye kanthu. Ndinamuuza, ndi za magazi a nkhuku zomwe.

Anazimitsa tochi. Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangokhala chogwada, misozi ikutsikira m'makwinya a nkhope yake. Amayi anaona. Kuwala konse kunachoka pankhope pawo.

"Mwana wanga, ndachita chiyani?"

Apa ndiye mkwiyo unanditulukira. Ndinawauza mokweza, m'tchalitchi momwemo, kuti kadontho kamene akunyadira kuti achotsa kanali kakale kuposa mudzi wathu, kuposa agogo a agogo awo, ndipo kanalibe kanzake. Ndinati ndinawauza kuti eni ake amaukonda choncho, koma iwo samva za munthu. Ndinati mawa kulibe ubatizo, akwere ndege yawo akafotokoze okha kumudzi. Chibadwire ndinali ndisanawalankhule choncho amayi anga.

Amayi anamanga bwino chitenje, anapita pamaso pa mayi uja n'kugwada, mutu pansi, manja atatambasula. Amayi awiri okalamba, onse pansi pa simenti yozizira. "Muuze kuti ndalakwa," anatero motsitsa. "Kwathu kukamabwera mlendo wamkulu timapaka laimu ngakhale miyala ya m'mbali mwa msewu. Ndinati nanga mwana akubwera kwa Mulungu, afikire pakuda? Sindinadziwe."

Ndikumasulira, mayi uja sankandiyang'ana ine. Ankayang'ana manja a amayi. Ndinayang'ananso, ndipo ndinachita manyazi aakulu. Anapaka ndi manja opanda magolovesi. Laimu anali atawadya pakati pa zala, khungu litasupuka, pena pakutuluka magazi. Ine namwino ndinali nawo m'chipinda chimodzi nthawi yonseyo osaona.

Mayiyo anadzuka ndi ndodo yake. Anati laimu achoka, saononga mwala, makolo akenso ankapaka yemweyo m'matchalitchi mwawo. Koma chofiira chija sichidzabweranso, ndipo tisamupemphe kuti anene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Anandiuza kuti ndiwatsuke amayi manja ndi madzi ambiri msanga. Ndinafunsa za mawa. Anati m'mwalamo musathiridwe madzi, n'kutuluka. Wansembe anandipempha kiyi, ndinamupatsa. Anati tibwere mawa nthawi yathu, koma sakudziwa chimene tikapeze.

Kunyumba ndinawamanga mabandeji. Mwamuna wanga anafuna kuimbira anthu kuti asavutike kubwera, ena ankachokera kutali ku Brampton, koma ndinamuletsa. Amayi anakana kudya. M'mawa anavala zovala zawo za kutchalitchi, mabatani ndinawamangira ine.

Tinapeza chitseko chili chotsegula. Mwala uja anaukulunga ndi nsalu yoyera mpaka pansi, ndipo m'kamwa mwake munali mbale yagalasi yakukhitchini, yokandiramo ufa wa keke. Pambali pake panaima mayi uja, amene sanabwerepo ku mapemphero athu ngakhale kamodzi. Nthawi itakwana anagwira mbaleyo ndi manja onse awiri kuti dontho lisagwere pa mwala. Sanamwetulire, sanayang'ane mwana. Amayi anayenera kupereka mdzukulu wawo kwa wansembe, ndicho chimene anachilakalaka ulendo wonsewo, koma ndi manja amenewo sakanatha kumunyamula. Ndinamupereka ine, iwo ataima kumbuyo kwanga, mabandeji atawabisa m'chitenje. Mwana analira madzi atamukhudza, anthu analulutira. Amayi sanalulutire.

Kiyi sinabwerenso kwa ine, ndipo sindinaifunse. Amayi anakwera ndege yawo. Masiku amenewo kulankhula nawo kunali kovuta, ndinkaimbira ku sitolo ya pafupi ndi kwathu n'kudikira kuti akawaitane. Ankafika akupuma mofulumira, n'kufunsa za mwana, ngati wayamba kukwawa, ngati mano atuluka. Tikamati titsanzikane, ankafunsa motsitsa mawu:

"Nanga atachotsa laimu uja, kofiira kaja sikanaonekenso ngakhale pang'ono?"