Chigawo Choonjezera Chomwe Ndinagulira Mlongo Wanga

Kwathu ku Nselema mnyamata akamaliza Fomu 4, anthu safunsa kuti mayeso ayenda bwanji. Amafunsa kuti wa ku Joni anyamuka liti. Ife n'kuti titataya kale mmodzi. Achimwene athu aakulu anapita ndi matransipota opanda pasipoti yomwe, anaimba foni kangapo ali m'njira, kenaka zii mpaka lero. Maliro sitinalire, nanga ulira bwanji munthu woti mtembo wake sunauone? Ndiye mlongo wanga wotsiriza atayamba kufunsafunsa za matransipota omwewo, ine tulo tinandithawa.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi kwathu, ndipo ndinali ndi laputopu yakaunjika yomwe ndinagula ku Balaka. Inabwera ndi gemu m'kati mwake, ya munthu wa lupanga woyendayenda m'maiko a ziwanda ndi zinjoka zouluka, wotumidwa ndi aliyense amene wakumana naye panjira. Ine ndinkaiona ngati zachibwana. Mlongo wangayo ndiye inamulowa m'magazi. Munthu woti ukamutuma kuchigayo mutu umayamba kumupweteka, koma nkhalamba ya m'kompyuta ikati kanditengere mankhwala kuphiri, ankathamanga osacheuka. Ndinkamukalipira tsiku ndi tsiku kuti akundithera batire ya sola.

Tsiku lina ndili m'kati mokalipa, anandiyankha maso ali pa gemu pomwepo.

"Musadandaule achemwali, yatsala pang'ono kutha. Ndikangopha mfumu ya ziwandayi, ine basi wa ku Joni, laputopu yanu ipumeko."

Iye ananena moseka, koma ine ndinazisunga mumtima. Kukalipa ndinasiya tsiku lomwelo. Batire ndinkaitchaja ndekha n'kumuikira pafupi. Ine mphunzitsi wathunthu, wopemphera, ndinayamba kuifunira moyo wautali mfumu ya ziwanda.

Mnzanga wina wokonza makompyuta ku Balaka ndiye anandiuza kuti eni gemuyo anatulutsa chigawo choonjezera, ulendo wina watsopano woti umagula pa intaneti, n'kuchita dawunilodi, n'kuulumikiza ku gemu yakaleyo. Ndinamva ngati wandiuza za mankhwala. Kwathu netiweki yake ndi yokwera nayo pachulu, choncho Loweruka lililonse ndinkakwera minibasi kudzera ku Liwonde mpaka ku Balaka, laputopu ili m'chikwama. Tikayamba dawunilodi, magetsi azima. Akayaka, bandulo yatha. Kamzere kosonyeza pomwe zafika kankakwawa ngati nkhono, ine ndili pabenchi kutukwanira mumtima.

Mayi ataona kuyendayendako anandifunsa, ndipo ndinawafotokozera zonse. Anapukusa mutu.

"Mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ungamange mwamuna ndi zidole iwe?"

"Mayi, wina uja munamusemera. Ali kuti lero?"

Mayi analowa m'nyumba, ndipo masiku angapo sitinalankhulane bwino. Ndinali nditakwiya ndi aliyense: matransipota, anyamata obwera ndi njinga zamoto zonyezimira kudzakopa anzawo, ngakhale dzuwa lomwe linatiotchera chimanga chaka chimenecho.

Chigawocho chitatheka ndinabwera nacho ngati ndanyamula mwana wakhanda. Nkhani yake inali ya wosula zitsulo wa m'mudzi wina wozizira kwambiri, yemwe zimphona zinamubera nyundo n'kukaibisa m'phanga pamwamba pa phiri. Ulendo wonsewo chifukwa cha nyundo! Koma ndinakondwa nditaona kutalika kwa phirilo. Ndinkafuna likanatalika kuposa pamenepo.

Mlongo wanga anathokoza mwaulemu, ulemu womwe sindinauzolowere kwa iye, n'kuyamba kusewera. Masiku oyamba ndinkati zatheka. Kenaka ndinayamba kuona zachilendo. Munthu amene ankagwetsa zinjoka akudya chinangwa ndi dzanja linalo, tsopano ankaphedwa ndi timimbulu ta m'njira. Ankagwera m'maenje oonekeratu. Akafa ankayambiranso osadandaula n'komwe. Ndinazindikira kuti akuchedwetsa dala pondimvera chisoni, ndipo zinandipweteka kuposa akanangondilalatira.

Masana ena nditaweruka anandiitana pakhonde.

"Achemwali, takhalani apa. Batani ili ndi loyendera, ili ndi la lupanga. Mukaona magazi akuchepa, dinani apa amwe mankhwala."

"Iyayi, za ana ine ayi. Sewera wekha."

"Phunzirani basi. Ndipo muzisunga pomwe mwafika m'gemumu pafupipafupi, sola yanuyi siichedwa kuthima."

Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana kumbali.

"Ndikudziwa zomwe mwakhala mukuchita," anatero. "Chikatha chimenechi mugula china. Nanga chinacho chikatha? Ine kuno ndizidzuka kumapita kuti?"

Ntchito yomupatsa ndinalibe. Munda wathu ndi woti ukaima pakati umalavulira kwa aneba. Chomwe ndinali nacho ndi phiri la m'kompyuta basi. Ndinaika zala pomwe ankandilozera, misozi ikugwera pa mabatani, iye akundiwongola dzanja ngati mwana wa Sitandade 1.

Ananyamuka tsiku la msika ine ndili m'kalasi. Anaimba kamodzi ali ku Mwanza, akuti zonse zili bwino. Mvula yagwa, tapalira, takolola tochepato, foni sinalirenso. Transipota wake nambala anasintha. Ndilibe chikhulupiriro choti ndidzamvanso mawu ake, ndipo sindinamizira kuti ndili nacho.

Gemu ija sindiisewera. Koma masiku ena mayi amabwera n'kukhala pamkeka, n'kunena chapansipansi kuti, "Tatsegula tione munthu wake uja." Ndimatsegula. Munthu wa lupangayo amangoima pakati pa phiri pomwe anamusiyira, mapewa akukwera ndi kutsika, nthunzi ikutuluka m'kamwa. Mayi amamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka amandifunsa ngati kumeneko sikukuzizira kwambiri. Ndimawauza kuti iyayi, wavala zokwanira.