Chipsera cha nsimbi pa siketi ya apongozi anga

Apongozi anga anabwera nayo okha siketiyo kuchokera ku Libala, Lachisanu masana, itakulungidwa m'chitenje. Lamlungu lake ndinali kukavekedwa yunifolomu ya amayi kumpingo kwathu ku Kabwata, ndipo iwo anati ndikavale siketi yawo yakuda, imene anavekedwa nayo mwamuna wanga asanabadwe. Ndinadabwa. Zaka zonse za ukwati wanga mayiwa ankanditenga ngati mkazi wam'tauni wa manja owononga, moti ngakhale poto wawo sankandibwereka.

"Iyi ni kilimpulini," anatero pondipatsa. "Muchape chabe, muyanike. Osaikapo nsimbi, amake mwana."

Nsaluyo inali yokhuthala, yoti ukaikoka imatamuka n'kubwerera, ukaifinya m'manja siichita makwinya. Zaka zonsezo sinasuluke. Koma ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankasita ngakhale masokosi, ndipo kukaima pamaso pa mpingo ndi chovala chosasita ndinkakuona ngati kupita osasamba. Ndivomere, kamwano kanalinso mumtima: ineyo wondiphunzitsa kusita?

Loweruka m'mawa magetsi anali atathima monga mwa masiku onse. Ndinabwereka nsimbi ya makala kwa aneba n'kuikupiza mpaka makala anafiira. Nditangoiika kumbuyo kwa siketi, nsimbiyo inakakamira, ndipo fungo la pulasitiki yopsa linadzaza m'nyumba. Nditaizula, panatsala chipsera chonyezimira, chouma gwa, chooneka ngati nsimbi yomweyo ndi nsonga yake yomwe. Ndinapakapo madzi, sopo, viniga, koma chipseracho osasuntha.

Ndinathamangira kumsika, kwa telala wina wachikulire amene ankasoka ndi makina opalasa ndi mwendo.

"Ba tela, nithandizeni, nafa ine."

Anakanda chipseracho ndi chikhadabo. "Yasungunuka pamwamba chabe. Iyi nsalu ni yoluka kabili, kumbuyo na kusogolo ni chimozimozi. Tizaiphwasula, mukati mubwele panja. Siiyoyoka iyi."

Mtima unakhalako pansi. Ndinakhala pabenchi n'kumayang'ana lumo likudula ulusi umodziumodzi. Foni inalira kawiri, anali apongozi, ndipo sindinayankhe. Telala atachotsa kansalu kopyapyala kamene kanasokeredwa mkati, manja ake anaima. Anavula magalasi n'kuvalanso.

"Ba sisi, bwelani muone."

Mkatimo munali chipsera china cha nsimbi, chakalekale, chachikulu kuposa changa.

"Banaipindamula kudala iyi," anatero telala. "Manje kulibe kothabila."

Anaisoka mmene inalili poyamba. Ndinakwera minibasi ya ku Libala ndikukonza mabodza m'mutu, koma lililonse linkandithera panjira. Ndinawapeza apongozi pakhonde akusadzula chibwabwa. Ndinagwada n'kutambasula siketi pamaso pawo.

"Amai, nalakwa. Munaniuza, sin'namvele."

Anayang'ana chipseracho nthawi yaitali osandiyang'ana ine. Kenako anatembenuza mpendero, chala chawo n'kuima pa ulusi watsopano wa telala uja.

"Mwaphwasula mukati?"

"Ee, amai."

"Mwaona?"

"Naona."

Ndinadikira kuti andilande siketi, andiuze kuti ankadziwa kale kuti manja anga ndi otere. Ndinkaopa kwambiri, pakuti aka kanali koyamba kuti andikhulupirire pa kanthu. Iwo anaipinda bwinobwino, chipsera mkati, n'kundiikira pamiyendo.

"Mailo kuchalichi, seveni koloko, nikupezeni mwavala."

Anabwerera ku chibwabwa chawo, ine n'kunyamuka osadziwa ngati andikhululukira kapena akufuna kuti mpingo wonse ukaone ntchito ya manja anga.

Lamlungu tinaima pamzere panja pa tchalitchi, ife ovekedwa. Chipseracho chinali kumbuyo, m'munsi, poti ngakhale bulauzi yoyera sikanafikapo, ndipo amayi a kumpingo kwathu maso awo saphonya kanthu. Nyimbo itayamba, apongozi anasiya malo awo kutsogolo, pakati pa amayi akuluakulu, n'kudzaima kumbuyo kwanga, pafupi moti ndinkamva mpweya wawo pakhosi. Anayenda choncho mpaka kuguwa. Pondiveka bulauzi anali pomwepo, pobwerera chimodzimodzi. Kawiri konse anandiponda chidendene, ndipo ine sindinacheuke, chifukwa ndinali kulira.